Kudika kwa Scholastica

Basi yopita ku Sinda inachedwa tsiku limenelo, choncho Scholastica Phiri anatula dengu lake la mtedza pamthunzi wa galaja yamalata imene inali m'mbali mwa msewu waukulu pa Katete. Munali mu Ogasiti wa chaka cha 1961, mphepo ikuulutsa fumbi lofiira.

M'galajamo munali chinthu chimene maso ake anali asanachionepo. Chinali chachitali, chowonda, cha mpando umodzi, chopanda denga, ndipo matayala ake anayi anali panja pa thupi ngati miyendo ya nkhanu. Kunsi kwake kunatuluka mnyamata wovala ovolosi yothimbirira ndi mafuta.

"Achemwali, mtedzawo ndi wokazinga?" anafunsa mnyamatayo akupukuta m'manja.

"Ndi wokazinga. Mugula kapena mwangofuna kumva mawu anga?"

"Zonse ziwiri. Koma tiyeni tisendere kumtengo uko. Bwana akapeza khoko la mtedza pafupi ndi galimotoyi, ntchito yanga yathera pomwepo."

Scholastica anaseka. Mzungu woopa mtedza?

Ali pansi pa mtengo, mnyamatayo anati dzina lake ndi Chrispin Banda, kwawo ndi ku Vubwi, ndipo anali makaniko. Bwana wake, a Harrison, anali wochokera ku Amereka, kumene kale ankachita mipikisano ya magalimoto a mtundu umenewu. Kumeneko oyendetsa amakhulupirira kuti makoko a mtedza amaitana imfa.

Nthawi yomweyo a Harrison anatulukira pakhomo la galaja. Scholastica anagwetsa maso msanga. Zala za dzanja lawo lamanzere zinali zitamatana ndi moto, ndipo pamene panayenera kukhala khutu panali chipsera chosalala.

"Anayamba mipikisano ali anyamata khumi ndi awiri," Chrispin ananong'ona. "Asanu ndi awiri anawaperekeza okha kumanda. Atapsa anabwera kuno kudzakonza makina a kampani yolambula misewu, ndipo sanabwererenso. Galimotoyi tapanga tokha, koma manja awo sangagwirenso chiwongolero."

"Nanga aziyendetsa ndani?"

"Amene akudya mtedza wanuyu."

"Ndiye kuti mwatopa nawo moyo?"

"Mpaka m'mawa uno sindimauwerengera. Koma tsopano ndaona chifukwa choti ndiusamale."

Basi inafika ikutsokomola utsi. Chrispin anamusenzetsa dengu lija.

"Lachisanu likubwerali mudzadutsanso pano?"

"Idziwa ndi basi."

"Ndikaipempha kuti idzachedwenso."

Scholastica anadutsadi Lachisanu lotsatira, ndi linzake, ndi linzakenso. Mawu oti "achemwali" anatha, m'malo mwake munalowa "Sikola wanga", "Naphiri wa maso ngati nyenyezi", "wapamtima". Pomatha zaka ziwiri, a malume ake a Chrispin anali atafika kumudzi kwa Scholastica, kufupi ndi Sinda, ndipo chikole chinaperekedwa: mpango wobiriwira ndi mikanda yoyera ya m'khosi.

Lamulungu lina masana Chrispin anamutenga kukaona mmene ankaphunzirira pabwalo lakale la ndege. Galimotoyo inalira ngati chinthu chimene akuchipha, inadutsa pamaso pake osaoneka bwino, ndipo kumapeto kwa bwalo inakhota chammbali matayala akukhwekhwereza. Scholastica anapeza kuti wakhala pansi osadziwa.

A Harrison anaima pafupi naye, wotchi ili m'dzanja lawo labwino. Chinyanja chawo chinali chodukaduka koma chomveka.

"Mwamuna wako ali ndi luso," anatero. "Koma alibe mantha. Zimenezo si zabwino. Amene alibe mantha, ine ndimawadziwa. Ndinapita ku maliro awo."

Pobwerera kunyumba, atafika pamlatho, Scholastica anaima.

"A Chrispin, siyani zimenezi. Ndikukupemphani."

"Mpikisano umodzi wokha, Sikola wanga," anayankha atamugwira manja onse awiri. "Ku Migodi kuli bwalo limene azungu okha ndiwo amapikisanapo. Chaka chino, kwa nthawi yoyamba, alola munthu wakuda, ndipo munthuyo ndine. Ndikabwerako tikwatirana mvula isanagwe. Ndidzamanga nyumba kwanu, ndidzalima munda wa amayi ako, chiwongolero chokha chimene ndidzagwire ndi mpini wa khasu. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu."

Scholastica anasendera pafupi naye. Anangoweramitsa mutu pachifuwa pake.

Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke, amayi ake a Chrispin, aNambewe, anayenda ulendo wautali kuchokera ku Vubwi kudzaonana ndi mpongozi wawo. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba. Anamutengera kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana iwe, ukudziwa mmene bambo ake a Chrispin anafera?"

"Ndinamva kuti inali njati, amayi."

"Njati inangomaliza ntchito. Anali mlenje wosaphonya. Koma ali kuthengo, mkazi mnzanga, wamng'ono uja, anaseka ndi mwamuna wina kumudzi. Tsiku lomwelo mfuti inakana kulira. Mlenje akapita kokasaka, moyo wake umatsala m'manja mwa mkazi wake. Mwana wanga akupita kokasaka imfa. Chikole unalandira, ndiye kuti ndiwe wake kale. Udike. Usagwirane chanza ndi mwamuna, usakhale naye pamphasa imodzi, usamukhudze ngakhale malaya, kufikira atabwerako. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Scholastica anali woimba kwaya, ndipo zoterezi sankazikhulupirira kwenikweni. Komabe anadika. Ogula mtedza aamuna ankawauza kuti adzitapire okha. Ngakhale mlongo wake weniweni ankamupatsa moni ali chapatali. Zinali zazing'ono poyerekeza ndi moyo wa Chrispin.

Patatha sabata imodzi kalata inafika.

"Wokondedwa wanga Sikola, duwa la ku Sinda," inatero kalatayo. "Tafika bwino. Anthu akwathu ogwira ntchito m'migodi amabwera madzulo aliwonse kudzangondiona, ena amandigwira malaya ngati ndine bishopu. Azungu ena amatiseka, akuti galimoto yathu ndi ngolo ya ng'ombe. Loweruka pa 5 Okutobala adzaona. Ndikamakhota pakona yoopsa ndimatchula dzina lako, ndipo mtima umakhala pansi. Undidikire. Kalata ina ikubwera. Ndine wako mpaka kumanda, Chrispin."

Loweruka la mpikisanolo Scholastica analephera kukhala pakhomo. Anayenda mamailosi asanu kupita ku positi ofesi ya pa Sinda kukafunsa za kalata yachiwiri ija, koma kunalibe. Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, anaponda botolo losweka ndipo phazi linang'ambika. Anakhala m'mbali mwa njira magazi akuchucha, kufikira a Valentino, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi mwawo, anatulukira pa njinga.

"Kwerani, aNaphiri, mungathere magazi pano," anatero aphunzitsiwo.

Scholastica anakana kawiri. Kachitatu maso anayamba kuchita mdima, ndipo anakwera. Pamalo a mchenga njinga inagwedezeka, iye n'kugwira malaya a aphunzitsi kuti asagwe. Amayi amene ankachokera kuchitsime anaima n'kumayang'ana.

Lolemba kunafika telegalamu yochokera kwa a Harrison. Pozungulira kachisanu ndi chitatu, Chrispin ali pa nambala yachiwiri, tayala la kutsogolo linathothoka. Galimoto inagubuduzika n'kuyaka. Chrispin anapsa miyendo yonse iwiri koma anali moyo. Tayala lija linauluka n'kukapha bambo wina amene ankagwira mbendera m'mbali mwa bwalo.

Nkhani ya njinga inafika ku Vubwi Chrispin asanatuluke m'chipatala. Inkati ikamachoka pakamwa pena kupita pena, inkanenepa. Ena ankati anamuona atakumbatira aphunzitsi m'chiuno. Ena ankati njingayo inayamba yaima kuthengo. Tsiku ndi ola zinagwirizana ndi ngozi ija, ndiye panafunikanso umboni wanji?

Kuchitsime amayi ankasiya kucheza iye akafika. Kukwaya anamuuza kuti ayambe wapuma. Mtedza wake unkabwerera wonse. A Valentino, atatopa ndi kulozedwa zala, anapempha kuti awasamutsire kusukulu ina, ndipo anthu anati kuthawako ndiko kuvomera.

Scholastica ankadzilimbitsa ndi mawu amodzi: Chrispin akabwera, anena yekha. Iye amandidziwa.

Chrispin anabwera mu Novembala pa lole, n'kupitirira mpaka ku Vubwi osaima pa Sinda. Scholastica anamutsatira limodzi ndi a malume ake. Anamupeza atagona pamphasa pakhonde, miyendo itakulungidwa nsalu zoyera, nkhope itatha. Anafuna kuthamanga kuti akamugwire, koma aNambewe anaima pakati.

"Wabwera kudzamaliza?" anafunsa mayiwo. "Ndinayenda ndi miyendo yangayi kudzakuchenjeza. Mwana wanga walumala, mwana wa eni ake ali m'manda, chifukwa cha thupi lako losaugwira."

"Amayi, ndinavulala phazi. Chipsera ndi ichi. A Chrispin, auzeni. Inu mukukhulupirira zimenezi?"

Chrispin anayang'ana denga la khonde.

"Galimoto inali bwinobwino m'mawa umenewo," anatero motsitsa. "Sindikudziwa chimene chinachitika."

Atatero anatembenukira kukhoma.

A malume ake a Scholastica anatulutsa mpango wobiriwira ndi mikanda ija n'kuziika pansi.

Mvula inagwa, chimanga chinamera, ndipo Scholastica anayamba kudzikayikira yekha. Nanga bwanji ngati zinali zoona? Bwanji sanangokhala m'mbali mwa njira muja n'kufa ndi magazi? Ankalima, kuphika, kupita kutchalitchi n'kukhala kumbuyo kwenikweni, ndipo nkhope ya bambo wa mbendera, amene sanamuonepo, inkamubwerera ali pakati pa ntchito.

Mu Disembala anapita pa Katete kukagula mchere. Podutsa pagalaja paja anamva kulira kwa sowo yodulira zitsulo. A Harrison ankaduladula mabwinja akuda a galimoto ija. Atamuona anasiya.

"Mtsikana wa Chrispin. Ukwati unachitika?"

Scholastica anafuna kungodutsa, koma misozi inamutsogolera. Anawafotokozera zonse: za kudika, za botolo, za njinga, za chikole chobwezedwa. Mzunguyo anamvetsera, mbali yosapsa ya nkhope yake ikufiira. Kenako analowa mkati n'kutuluka ndi chitsulo chotalika ngati mkono wa mwana, choduka kumapeto.

"Ichi chimagwira tayala la kutsogolo," anatero. "Ona apa. M'mawa wa mpikisano ndinapeza mng'alu. Ndinauza Chrispin, lero sitiyendetsa, tikupita kwathu. Iye analira. Anati anthu ake onse abwera. Anati apeza chitsulo china kwa mnzake. Patapita maola awiri anabwera, anati, Bwana, ndasintha, chatsopano. Ine sindinayang'ane. Ndinafuna kumukhulupirira."

Anakanda ndi chikhadabo pamene panali poduka.

"Sanasinthe. Anangowotcherera pamwamba, napaka girizi kuti pasaoneke. Anandiuza yekha m'chipatala, akuganiza kuti afa. Apolisi atafunsa, ine ndinati ngozi chabe. Ndinaopa kuti amumanga. Sindinadziwe kuti mlandu adzausenza ndiwe."

Scholastica analandira chitsulocho. Chinali cholemera, chozizira.

"Ndiye kuti ankadziwa?" anafunsa. "Tsiku lija pakhonde, ankadziwa?"

"Ankadziwa. Oyendetsa tonse tili choncho. Mnzathu akafa timati ndi tsoka, timati ndi tayala, timati ndi mkazi amene anayandikira galimoto. Sindinamvepo wina akunena kuti ndinalakwa ndine. Moto uwu," anakweza dzanja lopsa lija, "ndinauyatsa ndekha. Zaka khumi zapita, ndiwe woyamba kumva."

M'mawa mwake Scholastica anakulunga chitsulocho m'chitenje, anakwera lole ya amwenye yopita ku Chadiza, ndipo kuchokera kumeneko anayenda pansi. Anafika ku Vubwi tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka pang'ono. Anthu anali kuminda. Chrispin anali yekha pakhonde, atakhala pampando, ndodo ziwiri zitatsamira khoma.

"Sikola," anatero, maso ake n'kuwala ngati kale.

Scholastica anakwera pakhonde. Anamasula chitenje, chitsulo n'kugwera pafupi ndi mapazi a Chrispin.

Chrispin anachiyang'ana.

"Bwana wakuuza."

"Andiuza. Ndikufuna ndimve kwa inu."

"Sikola wanga, ukanawaona anthu aja. Anadzaza mpanda wonse, ena anajomba kuntchito, akuimba dzina langa. Ndikanawauza chiyani? Kuti munthu wakuda woyamba wachita mantha asanayambe n'komwe? Ndinawotcherera bwino, ndinaganiza kuti chilimba. Chinangotsala pang'ono kulimba."

"Za chitsulo ndamva. Ndikufunsa za ine."

Chrispin anaphimba nkhope ndi manja.

"Nditafika ndinapeza amayi atamaliza kale nkhani yonse. Mudzi wonse unkandilira ngati ngwazi. Ndikananena zoona, ndikanakhala munthu amene anapha bambo wa ana anayi chifukwa cha bodza. Akanandimanga, Sikola, ndi miyendo imeneyi. Ndinati ndikhale chete pang'ono, zizizire."

"Zizizire pamsana panga?"

"Wapamtima, palibe tsiku limene sindikulira chifukwa cha iwe. Ndikangoyamba kuyenda tidzathawira ku Lusaka, kumene satidziwa. Ndidzakonza magalimoto, ndidzakugulira makina osokera, udzaiwala zonsezi. Ndiwe mpweya wanga. Popanda iwe ndine mtembo."

Mawu ake anali okoma monga mwa masiku onse, ndipo mtima wa Scholastica, wopusawo, unagundabe. Ankamukondabe munthuyu. Chimenecho ndicho chinkapweteka koposa.

"Ku Lusaka sindikufunako," anatero. "Amayi anga amakhala ku Sinda, ndipo akuyenda chowerama ndi manyazi. Za apolisi sindidzanena kwa munthu. Ndikupempha chimodzi: muwauze amayi anu, pamaso panga, kuti si ine. Mukatero ndikusamalani moyo wanga wonse, kaya muyende kaya musayende."

"Ndiwauza. Ndikulonjeza, ndiwauza."

"Ndi awo akubwera."

ANambewe ankalowa pabwalo khasu lili paphewa, matope ali m'miyendo. Ataona Scholastica anaima, n'kutsitsa khasulo pang'onopang'ono.

"Wabweranso? Kapena tsopano wabwera kudzaulula?"

Scholastica anatembenuka. Anayang'ana Chrispin.

Chrispin anatsegula pakamwa. Anayang'ana amayi ake, manja awo okhakhala, msana wawo umene unamubereka kupita naye kuseri kwa nyumba masabata onsewa. Anayang'ana chitsulo chili pansi. Kenako, ndi phazi lake lokulungidwa nsalu, anachikankhira pansi pa mpando.

"Amayi," anatero, "ine ndamukhululukira. Zimene anachita zapita. Ndikufuna ndimukwatirebe."

Nkhope ya aNambewe inafewa pang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana Scholastica mopanda ukali.

"Wamva mtima wa mwana wanga?" anatero. "Amuna ena akanakulavulira. Ngati mwini wake wakhululuka, ine ndine yani? Gwada apa, uvomere kulakwa kwako, umugwire mwendo. Tikatero ndituma a malume ake abwererenso kwanu."

Chrispin anamuyang'ana ndi maso opempha, misozi ikutsika. Milomo yake inkanena chinachake chopanda mawu. Zonse zimene Scholastica anazilirira zinali pamenepo: mwamuna, ukwati, kwaya, moni wa kuchitsime. Mtengo wake unali maondo awiri basi.

Anawerama. ANambewe anapumira m'mwamba mokhutira.

Koma maondo ake sanakhudze dothi. Anapisa dzanja pansi pa mpando, anatulutsa chitsulo chija, n'kuchiika m'manja mwa aNambewe.

"N'chiyani chimenechi?" anafunsa mayiwo.

"Afunseni ana anu, amayi. Ndi amakaniko."

Anamanga chitenje chake m'chiuno n'kutembenuka.

"Sikola," Chrispin anaitana. "Sikola wanga, dikira."

"Ndinadika kale, a Banda."

Anatuluka pabwalo osacheuka. Kumbuyo kwake ankamva mawu a aNambewe akufunsa kachiwiri, kenako kachitatu, mokweza, kuti chitsulocho chinali cha chiyani. Anayenda mpaka mawuwo anazilala kuseri kwa minda ya chimanga, ndipo yankho sanalimve.